Kusintha pulogalamu ya kompyuta bokosi yakale poika ma injector m'galimoto ya kabuleta

Munthu amene wasankha kuchotsa kabuleta m'galimoto yakale n'kuikamo ma injector (tizipangizo tamagetsi topopera petulo mu injini), kapena kuikamo injini yonse ya ma injector yochokera m'galimoto ina, ayenera kusankhanso chimene chidzayendetse injiniyo. Akhoza kugula kompyuta yatsopano yopangidwira ntchito imeneyi, monga MegaSquirt kapena za kampani ya Holley, kapenanso akhoza kutenga kompyuta ya kufakitale, imene amakaniko amaitchula kuti kompyuta bokosi, kuchokera m'galimoto yophwasulidwa n'kusintha pulogalamu yake. Malangizo ano ndi a njira yachiwiriyi. Ineyo ndimaikonda chifukwa chakuti akatswiri a kufakitale anathera nthawi yaitali akukonza mmene injini iyenera kulirira kukazizira, mmene iyenera kukhalira bata galimoto ikaima, ndiponso mmene iyenera kudzitetezera sensa ina ikafa, ndipo zonsezi mumazipeza zili kale m'bokosimo.

Chofunika kuchigwira kuyambira pachiyambi n'chakuti kompyutayo sidziwa kuti yasamuka. Imaganizabe kuti ili m'galimoto imene inachokera, choncho imayembekezera kiyi wa galimotoyo, ma injector ake, giyabokosi yake ndi masensa ake onse. Ntchito yanu ndi kuiuza zoona za galimoto imene yalowamo, pa zokhazo zimene zasintha, ndi kusiya zina zonse monga mmene zinalili.

Kusankha bokosi loyenera

Si kompyuta iliyonse imene imalola kusinthidwa mosavuta, ndipo anthu ambiri amataya ndalama pogula bokosi kaye n'kumafufuza pambuyo pake. Yambani mwatsimikiza zinthu ziwiri: kuti pali chipangizo chowerengera ndi kulembera kompyutayo, ndiponso kuti pali fayilo yofotokoza pamene tebulo lililonse la manambala oyendetsera injini lili mkati mwa pulogalamu yake. Popanda fayilo imeneyi mudzaona manambala okhaokha opanda tanthauzo.

Makompyuta amene adziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi owerengeka. Ya General Motors ya nambala 1227747, imene inkayendetsa ma injector awiri okhala pamwamba pa throttle body (polowera mpweya, pamene pali kachitseko kotseguka mukaponda moto) m'malole aang'ono a kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, imagwirizana bwino ndi injini imene inali ya kabuleta, chifukwa throttle body yake imakhala pamalo pomwe panali kabuletayo. Pa injini za General Motors za mtundu wa LS pali P01, imene ambiri amaidziwa ndi manambala omalizira akuti 0411, ndi P59 imene inabwera pambuyo pake. Ford ili ndi A9L ya Mustang ya injini ya malita 5.0 ya zaka za 1989 mpaka 1993, Honda ili ndi P28 ya Civic ya zaka za 1992 mpaka 1995, ndipo galimoto zambiri za Volkswagen ndi Audi zinali ndi Bosch ME7.5.

Kompyutayo iyenera kumva chizindikiro cha crank cha injini yanu, chimene chimaiuza pamene injini yafika pozungulira, ndipo apa palibe kunyengerera. Injini zoyamba za LS zili ndi gudumu la chizindikiro lotchedwa 24x, pamene zapambuyo pake zili ndi la 58x, ndipo P01 kapena P59 siingathe kuwerenga la 58x popanda kachipangizo kena kotembenuza chizindikirocho. Onaninso ngati throttle yanu imakokedwa ndi waya kapena imayendetsedwa ndi mota, chifukwa makompyuta ena a P59 alibe zipangizo zoyendetsera valavu imene imalowetsa mpweya injini ikamalira yokha osaponda moto, ndipo kompyuta yotere siingagwirizane ndi throttle ya waya.

Pogula, tengani bokosilo pamodzi ndi mawaya ake, mapulagi ake ndi masensa ake, ndipo lembani mtundu wa galimoto imene lachokera, chaka chake, injini yake ndi giyabokosi yake. Sungani risiti. Popeza mudzachotsamo chitetezo cha kiyi, ndi bwino kukhala ndi umboni wakuti bokosilo munaligula moyenera.

Kuliyang'ana mkati ndi kuliyatsa patebulo

Musanalumikize magetsi, masulani chivundikiro ndi kuyang'ana bolodi powala bwino. Makompyuta a kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, makamaka a Toyota, Honda ndi Mitsubishi, amadziwika ndi vuto la ma capacitor amene amatayitsa madzi ake akakalamba. Mudzaona kadontho kakuda kapena kobiriwira m'munsi mwa capacitor, timizere ta kopa tapafupi titadyeka, ndipo nthawi zina pamamveka kafungo konga ka nsomba. Ma capacitor otere asinthidwe ndipo bolodi litsukidwe ntchito isanapitirire, apo ayi mudzalimbana ndi pulogalamu pamene vuto lili pa bolodi. Mapini a pulagi akhale owongoka ndi opanda dzimbiri.

Kuwerenga ndi kulemba kompyuta ili patebulo n'kodalirika kuposa kutero ili m'galimoto ya mawaya osamalizidwa. Pezani chithunzi cha mapini a kompyuta yanu yeniyeniyo, osati ya ina yofanana nayo, kenako lumikizani waya wa magetsi okhalitsa, waya wa magetsi obwera kiyi akatembenuzidwa wodutsa pa switch, mawaya a earth ndi waya wa uthenga. Pa pulagi ya OBD-II, yolumikizirapo chipangizo chowerengera, imene ili ndi mapini 16, pini 16 ndi ya magetsi a batire, pini 4 ndi 5 ndi za earth, pini 2 ndi ya uthenga wa J1850 umene P01 ndi P59 zimagwiritsa ntchito, pini 7 ndi ya K-line, ndipo pini 6 ndi 14 ndi za CAN (K-line ndi CAN ndi mitundu ina ya uthenga). Ikani fyuzi yaing'ono pa waya wa magetsi. Magetsiwo akhale okhazikika pakati pa ma volt 12.5 ndi 13.5, ochokera ku batire yodzaza bwino kapena ku chipangizo chosasinthasintha mphamvu. Tchaja wamba wa batire ndi wosayenera pa ntchitoyi chifukwa mphamvu yake imakwera ndi kutsika. Laputopu ikhale yolumikizidwa ku magetsi ndipo muiletse kugona yokha.

Kuwerenga ndi kusunga pulogalamu yoyambirira

Gawo ili ndi limene ndimalilemekeza kuposa onse, ndipo ndi limenenso anthu amalidumpha akakhala pachangu. Musasinthe kalikonse musanawerenge zonse zimene zili m'kompyutamo ndi kuzisunga. Pa P01 ndi P59 mukhoza kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pa laputopu ya PCM Hammer, imene ndi yaulere, kapena zogulitsidwa monga HP Tuners ndi EFILive. Werengani kawiri, sungani mafayilo awiri, ndipo muwayerekeze kuti muone ngati ali ofanana ndendende. Akasiyana ngakhale pamalo amodzi, ndiye kuti kulumikiza kwanu kuli ndi vuto ndipo simuyenera kulemba kalikonse. Onaninso kukula kwa fayilo: ya P01 imakhala 512 KB ndipo ya P59 imakhala 1 MB. Fayilo yoyambirirayo muisunge m'malo awiri osiyana ndipo musadzaisinthenso, koma muzigwira ntchito pa kope lake.

Makompyuta akale kwambiri salembedwa kudzera pa waya. Pulogalamu yake imakhala pa chip imene imazulidwa n'kuikidwa m'chipangizo chowerengera. Pa 1227747 chip yake ndi 2732A, yosunga 4 KB yokha, ndipo imafufutidwa ndi kuwala kwa UV, choncho ambiri amaikapo adapter ndi chip ya 27SF512 imene imafufutidwa ndi magetsi. Pali msampha pamenepa umene wagwetsa anthu ambiri. Chip ya 27SF512 imasunga 64 KB, ndipo fayilo yaing'ono iyenera kulembedwa kumapeto kwa chip, osati kuchiyambi kwake: ya 4 KB imayambira pa adiresi ya F000, ndipo ya 32 KB imayambira pa 8000. Mukailemba kuchiyambi, kompyuta idzapeza malo opanda kanthu ndipo nyali yochenjeza za vuto la injini idzangophethira mofulumira. Pobwezera chip, kamphako kamene kali kumutu kwake kaloze mbali yomwe kanaloza poyamba, chifukwa kuiika chafutambuyo kukhoza kuipsereza. Pa Honda P28 pamafunika kaye kuwotcherera soketi ya mapini 28 ndi tizipangizo tina pa bolodi kuti kompyuta iyambe kuwerenga chip yakunja, ndipo A9L imasinthidwa kudzera pa doko lake lakumbuyo lotchedwa J3.

Mukatsegula fayilo m'pulogalamu yosinthira monga TunerPro, sankhani fayilo yofotokozera yogwirizana ndi pulogalamu yeniyeni ya bokosi lanu. Pa 1227747 imadziwika ndi chizindikiro cha $42, ndipo pa P01 ndi P59 imatsatira nambala ya operating system (pulogalamu yaikulu ya m'bokosimo) imene imaoneka powerenga. Musanakhulupirire, yang'anani zinthu zimene mukuzidziwa kale. Ngati chiwerengero cha masilinda chikuoneka cholakwika, kapena tebulo la moto wa mapulagi lili ndi manambala odumphadumpha opanda ndondomeko, fayilo yofotokozerayo si yake, ndipo chilichonse chimene mungasinthe chidzagwera pamalo olakwika.

Zoyenera kusintha injini isanalire

Choyamba ndi chitetezo cha kiyi. Pa General Motors chimatchedwa VATS, ndipo chizindikiro chake n'chodziwika: injini imalira kwa masekondi pafupifupi awiri kenako n'kuzima chifukwa kompyuta yadula ma injector. Pa P01 ndi P59 chimazimitsidwa m'pulogalamu momwemo. Pa ME7.5 uthenga wa kiyi umakhala pa chip ina yaing'ono ya 95040, yosiyana ndi imene imasunga matebulo, choncho iyenera kuwerengedwa ndi kusungidwa payokha isanasinthidwe.

Chachiwiri, chimene chili chachikulu pa zonse, ndi mafuta. Kompyuta simayeza mafuta amene akulowa. Imawerengera nthawi yotsegula injector potengera kuchuluka kwa mpweya ndi nambala imene inauzidwa ya kukula kwa injector. Ngati ma injector ndi puresha ya mafuta zili monga zinalili m'galimoto yoyamba, musakhudze kanthu. Ngati zasintha, werengani bwino. Mafuta otuluka mu injector sakwera mofanana ndi puresha, koma amatsatira square root ya kusintha kwake: injector yotulutsa 250 cc pa mphindi pa puresha ya 3 bar imatulutsa pafupifupi 289 cc pa 4 bar, osati 333. Palinso tebulo la kanthawi kamene injector imachedwa kutseguka, kamene kamatalika magetsi a batire akatsika. Kanthawi kameneka kamaoneka kochepa, koma injini ikamalira yokha injector imatseguka kwa nthawi yaifupi kwambiri, moti kulakwitsa pang'ono pamenepa kumachititsa injini kugwedezeka ngakhale zina zonse zili bwino. Yezaninso ma injector ndi mita: a ma ohm pafupifupi 12 ndi osiyana ndi a ma ohm 2 kapena 3, ndipo kuika otsikawo pa kompyuta yopangidwira okwerawo kukhoza kupsereza zipangizo zoyendetsera ma injector.

Kenako lembani kukula kwenikweni kwa silinda ngati injini yanu ndi yosiyana ndi imene kompyutayo inazolowera. Ngati bokosilo lachokera m'galimoto ya giyabokosi ya otomatiki ndipo yanu ndi ya manyuwale, njira yabwino ndi kuyambira pa fayilo ya manyuwale ya operating system yomweyo kapena kusintha gawo la giyabokosi, kusiyana ndi kungozimitsa makodi a zolakwika (manambala amene kompyuta imaonetsa ikapeza vuto). Ndikulimbikitsanso kuika sensa ya liwiro la galimoto ngakhale ikuoneka yosafunika, chifukwa makompyuta ambiri amaigwiritsa ntchito podziwa kuti galimoto ikuyandikira kuima, ndipo popanda iyo injini imakonda kuzima pamphambano. Konzaninso kutentha kumene mafani a rediyeta ayenera kuyakira ndi kuzimira molingana ndi thermostat imene mwaika. Pa injini za LS zoyamba, chizindikiro chopita ku wotchi ya kuthamanga kwa injini chimafanana ndi cha injini ya masilinda anayi, choncho wotchi yakale ya masilinda asanu ndi atatu idzaonetsa theka lokha mpaka mutasintha nambala yake.

Pa makodi a zolakwika pamafunika kudziletsa. N'zomveka kuzimitsa makodi a zipangizo zimene galimoto yakaleyo ilibe, koma malamulo a utsi wa galimoto amasiyana m'mayiko, ndipo kwina kuchotsa zipangizo zimene zinabwera ndi injiniyo n'kuphwanya lamulo, choncho fufuzani kaye malamulo a kumene galimotoyo idzalembetsedwe. Makodi a sensa ya kutentha kwa madzi, ya MAP kapena MAF (zoyeza puresha kapena kuchuluka kwa mpweya wolowa), ya throttle, ya knock (yomva kugogoda kwa injini) ndi ya oxygen yakutsogolo (yoyeza utsi) musawazimitse m'pang'ono pomwe. Amenewa ndi amene adzakuuzeni pamene mwalakwitsa mawaya.

Kulemba

Musanalembe, onetsetsani kuti checksum yakonzedwa. Imeneyi ndi nambala imene kompyuta imagwiritsa ntchito potsimikiza kuti pulogalamu yake siinawonongeke, ndipo ikapanda kugwirizana, makompyuta ena amakana kuliza injini. Mapulogalamu ambiri amaikonza okha posunga fayilo, koma muziona ndi maso kuti zachitikadi. Ngati operating system siikusintha, lembani gawo la matebulo lokha, chifukwa kutero kuli ndi chiopsezo chochepa kusiyana ndi kulemba zonse. Kulemba kukayamba musakhudze waya, switch kapena laputopu. Kukasokonezeka pakati, musathamangire kuzimitsa magetsi. Nthawi zambiri kompyuta imakhala ikumvabe ndipo mukhoza kuyambiranso kulemba, pamene mukaizimitsa ikhoza kufunika kutsegulidwa kuti itsitsimutsidwe. Mukamaliza, zimitsani switch kwa kanthawi, yatsaninso, werengani zimene zalembedwa ndi kuziyerekeza ndi fayilo yanu.

Mbali ya galimoto

Mavuto ambiri amene anthu amanamizira pulogalamu amakhala a mafuta ndi magetsi. Kabuleta imagwira ntchito ndi puresha ya pakati pa 4 ndi 7 psi, ma injector a pa throttle body a General Motors amafuna 9 mpaka 13 psi, ma injector ambiri a pa silinda iliyonse amafuna 43.5 psi, ndipo injini za LS zimafuna 58 psi. Payipi yakale ya rabala siingapirire puresha yotere. Gwiritsani ntchito yolembedwa SAE J30R9, ndipo ya mkati mwa thanki ikhale J30R10, yokhoza kukhala yomira m'petulo. Ikani geji ya puresha ndipo muikhulupirire kuposa zimene zalembedwa pa katoni ya pampu.

Pa magetsi pali msampha wa galimoto zakale. Waya wopita ku koyilo nthawi zambiri umadutsa pa resistor yochepetsa mphamvu, ndipo mawaya ena a pa switch ya kiyi amazima panthawi imene sitata ikuzungulira. Kompyuta imafuna ma volt 12 athunthu kiyi ali poyatsa ndiponso ali poliza, choncho yezani ndi mita wina akutembenuza kiyi, ndipo magetsiwo muwadutsitse pa relay. Mawaya a earth a kompyuta amangidwe pa injini penipeni pamalo opalidwa bwino, ndipo pakhale waya wonenepa kuchokera ku injini kupita ku batire. Sensa ya oxygen ilowe m'payipi ya utsi kuchokera pamwamba, osati chogona, itadzuka ndi madigiri osachepera 10, kuti madzi asaunjikane pa iyo, ndipo payipiyo isakhale yobooka pakati pa injini ndi sensayo, chifukwa mpweya wolowera pamenepo umanamiza kompyuta kuti mafuta achepa.

Kuliza koyamba

Khalani ndi chozimitsira moto pafupi. Tembenuzani kiyi osaliza, ndipo mumve pampu ikulira kwa masekondi pafupifupi awiri n'kusiya. Yang'anani polumikizira paliponse ngati pakudontha petulo. Kenako onani pa laputopu zimene masensa akunena. Pa injini imene yagona usiku wonse, kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya kuyenera kufanana ndi kwa kunja. Mukaona madigiri 40 pansi pa ziro, ndiye kuti waya waduka kapena pulagi siinalowe. Sensa ya madzi ya General Motors imaonetsa ma ohm pafupifupi 3,500 pa madigiri 20 Celsius, ndipo sensa ya kampani ina ikhoza kulowa pabowo lomwelo koma n'kumapereka manambala ena. MAP ionetse pafupifupi 100 kPa kumalo otsika ofanana ndi nyanja yamchere ndi kucheperapo kumalo okwera, ndipo sensa ya throttle iyambire pafupi ndi 0.5 volt n'kukwera mosadumpha mpaka kupitirira 4 pamene mukuponda pang'onopang'ono.

Injini ikalira, chinthu choyamba ndi kutsimikiza ndi nyali ya timing kuti moto umene kompyuta ikunena ndi umenedi ukufika pa pulagi. Pa injini ya distributor yoyendetsedwa ndi 1227747, mumazula kapulagi ka waya umodzi kochotsera ulamuliro wa kompyuta pa timing, n'kuzunguza distributor mpaka chizindikiro cha pa pulley chigwirizane ndi nambala yoyambira imene ili m'fayilo. Pa LS, nambala ya cholakwika ya P1336 ikaoneka, kompyuta ikufuna kuphunzitsidwanso chizindikiro cha crank ya injini imeneyo pogwiritsa ntchito chipangizo chowerengera.

Kukonza poyenda

Injini ikatentha, kompyuta imayamba kumvera sensa ya oxygen n'kumawonjezera kapena kuchepetsa mafuta kuti pakhale magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo. Kuwongolera kumeneku ndi kumene kudzakutsogolereni. Pa makompyuta a OBD-II kumaoneka ngati maperesenti, ndipo pa akale a General Motors kumaoneka ngati nambala ya BLM imene pakati pake ndi 128. Ikakwera kupitirira pamenepo kompyuta ikuwonjezera mafuta, ndipo ikatsika ikuchepetsa. Yendetsani galimoto modekha laputopu ikujambula, wina atainyamula kuti inu maso akhale pamsewu. Mukabwerako, onani mmene zolakwikazo zagawikira. Ngati paliponse pakuperewera mofanana, vuto lili pa nambala ya injector kapena pa puresha, ndipo kukonza tebulo n'kungobisa vutolo. Ngati pakuperewera injini ikamalira yokha basi, funani kaye pamene mpweya ukulowera mozemba. Zikasiyanasiyana malinga ndi kuthamanga kwa injini ndi kulemedwa kwake, pamenepo m'pamene mungakonze tebulo la VE (la kuchuluka kwa mpweya umene masilinda amakoka) kapena la MAF, pang'onopang'ono, mukusalaza manambala oyandikana, mpaka kuwongolerako kukhale mkati mwa maperesenti 5.

Sensa ya oxygen wamba imangodziwa ngati mafuta achuluka kapena achepa poyerekeza ndi 14.7, ndipo mukaponda moto wonse kompyuta imasiya kuimvera. Musayese kukonza gawo limeneli popanda sensa ya wideband, imene imaonetsa nambala yeniyeni ya magawo a mpweya pa petulo, monga Bosch LSU 4.9. Injini yopanda turbo imafuna pakati pa 12.5 ndi 13.0 poponda moto wonse, ndipo nambala ikakwera kulowera ku 14, chotsani phazi nthawi yomweyo. Tebulo la moto wa mapulagi likhale lomalizira, ndipo ngati injini yanu ili ndi compression yokwera kuposa imene kompyutayo inazolowera, yambani mwachepetsa madigiri angapo pamalo olemedwa, mukuyang'ana ngati sensa ya knock ikubweza moto.

Kuthamanga sikufika: sinthani chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse, ndipo fayilo iliyonse ikhale ndi nambala yake ndi mawu ochepa ofotokoza chimene chasintha, kuti zikaipa mubwerere pa imene inali bwino. Matebulo olizira injini yozizira muwasiye mpaka injini yotentha itakhazikika, popeza amawerengedwa pamwamba pa tebulo lalikulu la mafuta ndipo kawirikawiri amadzikonza okha lalikulolo likalongosoka. Ngati pakufunikabe kusintha, kuyesa koona kumatheka pokhapokha injini itazizira kotheratu, choncho lumikizani laputopu ndi kuyamba kujambula musanatembenuze kiyi m'mawa, kuti masekondi oyamba aja asakuphonyeni.